Udzu Nawo Umafuna Kupuma: Kudyetsa Ng'ombe Mwakasinthasintha Kumadera Ouma a Blantyre

Munthu akamva za Blantyre amaganiza za Ndirande, Limbe ndi kuzizira kwa chiperoni. Koma kwerani minibasi yolowera ku Zalewa, mudutse Lunzu. Kuyambira pa Lirangwe mpaka ku Mdeka dziko limasintha nkhope: kumatentha, mitengo yake ndi yaminga ndi malambe, ndipo mvula imatha kukhuthuka ku Chileka ife kuno tikungoonera mitambo. Kuno n'kumene ndimaweta ng'ombe.

Mu Novembala 2016, chaka chimene chilala cha El Niño chinatikhaulitsa, ndinataya ng'ombe zitatu. Sanali matenda, inali njala. Ina inagona pakhomo penipeni pa khola. Tinabwera amuna anayi, tinalowetsa mitengo kunsi kwa mimba yake n'kunyamula, koma miyendo inangoti lendee. Chimene chimandiwawabe n'chakuti mu Malichi chaka chomwecho udzu unalipo, wochepa inde, koma unalipo. Tinautha tokha, chifukwa ng'ombe zinkangoyenda paliponse tsiku lililonse, kudya apa pang'ono, kupondaponda apo.

Njira imene ndikufotokoza pano ndi yosavuta kuinena: ng'ombe zonse zidye pamodzi pamalo aang'ono kwa masiku ochepa, kenako zichoke, ndipo zisabwererepo mpaka udzuwo utachira. Malo aang'onowo ine ndimawatcha ndime, ngati ndime ya kumunda. Kuichita kwake ndiye kumafuna mutu.

1. Yambani mwazula udzu

Tengani khasu. Kumbani phata limodzi la udzu pafupi ndi khola, pamene ng'ombe zimadutsa m'mawa uliwonse, ndipo kumbani lina m'mphepete mwa munda pamene chiweto sichifika m'dzinja. Kutumulani dothi, muyang'ane mizu. Wa kukhola uja mizu yake ndi yaifupi ngati chala, yochepa, mwina n'kuzuka ndi dzanja lokha. Winayo mizu yake ndi yambiri ngati ndevu, ndipo khasu limaidula isanathe.

Chimachitika n'chiyani? Udzu umapanga chakudya chake ndi masamba. Ng'ombe ikamweta masamba ambiri, udzuwo umasiya kukulitsa mizu n'kutenga mphamvu imene unasunga kuti utulutse masamba atsopano. M'dzinja, pakangotha masiku atatu kapena anayi, timasamba tatsopano timayamba kuoneka. Timeneti n'timene ng'ombe imakonda, n'tofewa, n'totsekemera. Ikatidya, udzu umatapanso m'nkhokwe yake. Ikabweranso kachitatu, nkhokwe yatha. Mizu imafupika, ndipo udzu wa mizu yaifupi sungapirire ng'amba ya masabata atatu ya mu Januwale. Umafa, pamatsala dothi lambee, mvula ikagwa madzi amangothamanga osalowa, ndipo pamabwera zitsamba zimene ng'ombe sidya.

Choncho chimene chimapha udzu si kudyedwa kamodzi, ndi kudyedwa kachiwiri usanachire. Mlimi wina wa ku France, André Voisin, anafotokoza zimenezi bwino m'zaka za m'ma 1950, ndipo ku Zimbabwe, Allan Savory anazitengera kumadera ouma onga athu ano. Koma ndichenjezeretu, chifukwa ena amaigulitsa njirayi ngati mankhwala ochiza chilichonse: kasinthasintha sagwetsa mvula. Ngati ng'ombe zachuluka kuposa udzu umene malo anu angabereke, mungazizungulitse bwanji, zidzaondabe. N'chifukwa chake gawo lotsatirali ndi limene ndikhalitsepo.

2. Werengani pakamwa, yezani udzu

Ng'ombe imadya udzu wouma wolemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake, tsiku lililonse. Ng'ombe yathu yachikuda yaikazi, yalinunda, tingoti imalemera makilogalamu 250. Ndiye kuti imafuna makilogalamu 6 kapena kupitirira pang'ono a udzu wouma patsiku. Ukakhala wauwisi, umenewo ndi makilogalamu 25 mpaka 30, chifukwa udzu wauwisi mbali yaikulu ndi madzi. Ng'ombe zapangolo ndi nkhunzi zimadya koposa pamenepa. Mathole awiri osiya kuyamwa muwawerenge ngati ng'ombe imodzi. Mbuzi musaziiwale: zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimadya ngati ng'ombe imodzi, ndipo zimameta pafupi ndi dothi kuposa ng'ombe.

Tiyerekeze kuti muli ndi ng'ombe 10. Tingoti makilogalamu 65 patsiku.

Tsopano udzu. Dulani nsungwi zinayi za mita imodzi imodzi, muzimange m'makona kuti zipange bwalo la mbali zinayi zofanana. Yendani pabusa panu, muponye bwalolo malo asanu osiyana. Musasankhe pobiriwira pokha, mudzinamiza nokha. Ponyani chakumbuyo osayang'ana. Mwetani udzu wonse wa m'bwalomo ndi chikwakwa mpaka pansi, muike m'thumba lakelake, muyanike padzuwa masiku angapo mpaka uzithyoka mukaupinda. Kayezeni pasikelo ya wogula nandolo kapena ya kugolosale. Phatikizani zonse, mugawe ndi 5.

Tinene kuti mwapeza magalamu 200 pabwalo limodzi. Hekitala ili ndi mabwalo otere 10,000, ndiye kuti pahekitala pali makilogalamu 2,000. Koma si wonse wa ng'ombe. Theka ndi la ng'ombe, theka ndi la nthaka ndi la udzu weniweniwo. Anthu amandifunsa kuti, "Achimwene, kusiya udzu ng'ombe zikuufuna, si kutaya kumeneko?" Ayi. Theka lotsalalo ndiye limaphimba dothi kuti lisapse ndi dzuwa, ndiye limagwira madzi a mvula, ndiye masamba amene udzu uphikire chakudya chophukira nacho. Amene amadya mbewu yosungira amakhuta mwezi umodzi.

Ndiye pabwalo lililonse ng'ombe zitengapo magalamu 100. Kuti zipeze makilogalamu 65 zikufuna mabwalo 650 patsiku. Masiku atatu ndi mabwalo pafupifupi 2,000, kutanthauza ndime ya mamita 40 mulifupi ndi mamita 50 mulitali, pafupifupi theka la ekala. Ngati mulibe tepi, phazi lalitali la munthu wamkulu poyenda limayandikira mita imodzi.

Masamu amenewa muwachite ndi manambala anu, osati anga. Busa la kudambo ndi la pamtunda wamiyala sizifanana ngakhale zili m'mudzi umodzi.

3. Gawani ndime

Funso ndi lakuti ndime zikhale zingati. Tengani masiku amene mukufuna udzu upume, mugawe ndi masiku amene ng'ombe zikhale pandime imodzi, muwonjezere 1. M'dzinja labwino udzu wa kuno umafuna masiku 30 mpaka 45. Ine ndimawerengera 45, chifukwa dzinja labwino kuno ndi mlendo. 45 kugawa ndi 3 ndi 15, kuwonjezera 1 ndi 16. Ndime 16 za theka la ekala ndi maekala 8, kapena mahekitala atatu ndi pang'ono.

Ngati masamu akuti maekala 8 inu muli ndi 4, mwadziwa vuto lanu lero, mu Januwale, osati mu Novembala ng'ombe itagona pakhomo pa khola. Mungachite zitatu: kuchepetsa ng'ombe, kudzala nsenjere yomweta, kapena kugwirizana ndi anzanu, zimene ndinene kutsogoloku.

Pogawa, tsatani mmene malo alili. Ndime zipingase phiri monga timapingasira mizere ya m'munda, osati kutsetsereka nalo. Dambo likhale ndime zakezake, ndipo musalowetsemo ng'ombe pamene pali matope. Ziboda zimaumba dothi ngati njerwa. Dambo ndi banki yanu ya mu Sepitembala ndi Okutobala. Malo amene anaguga kale, pamene pakuyamba chigwembe, muwatseke dzinja lonse lathunthu. Ponyanipo nthambi zaminga, dzalani vetiva mopingasa, wazanipo mbewu ya udzu wa Rhodes ngati mwaipeza kwa alangizi, ndipo muwaiwale mpaka udzu utabereka njere n'kuzigwetsa. Chaka chilichonse ndime imodzi kapena ziwiri zizilandira tchuthi chotere mosinthana.

4. Mpanda: musayambire kusitolo

Ambiri amaimira pano, amati alibe ndalama za waya. Ine chaka choyamba ndinalibe waya ngakhale mita imodzi. Ndinakhoma zikhomo m'makona a ndime iliyonse, ndinamangirira nsanza zofiira, ndinalemba nambala ndi penti pamiyala ndi pamitengo. Mpanda wake anali mbusa. Ng'ombe 10 pa theka la ekala munthu mmodzi wamkulu amazikwanitsa, bola amvetse chifukwa chake. Ndikuti wamkulu dala. Mwana wa zaka 10 malo ake ndi kusukulu, ndiponso mwana akaona anzake akusewera mpira wachikulunga, ndime yanu yathera pomwepo.

Mbusa wanga woyamba ankaona ngati ndazungulira mutu. Tsiku lina ndinamupeza ataziloza ku ndime 7 pamene zinayenera kukhala pa 4.

"Bambo, kumeneku n'kobiriwira. Ng'ombe zimalira."

"Ukunena zoona, n'kobiriwira. Tinachokako liti?"

"Sabata yatha."

"Ndiye ukadwala malungo, n'kudzuka lero, mawa ndikupatse ndime ya ganyu, ulima?"

Anaseka, koma anamva. Patapita miyezi iwiri ndiye ankandiuza yekha kuti ndime yakuti sinakhwime.

Muli ndi ng'ombe imodzi, ziwiri kapena zitatu? Chingwe ndi chikhomo zikukwanirani. Chingwe cha mamita 5 chimapatsa ng'ombe bwalo la masikweya mita pafupifupi 78, lokwana tsiku limodzi pa udzu wonga tawerengera uja. Sunthani chikhomo tsiku lililonse motsata mzere, osabwerera m'mbuyo, ndipo masana muziipititsa pamthunzi ndi kumadzi. Ng'ombe yomangidwa padzuwa la Okutobala yopanda madzi ndi nkhanza.

Mpanda wamoyo ndi wabwino m'malire akunja. Khonje limagwira bwino kuno. Gilisidiya amaphuka pongozika nthambi ndipo masamba ake ndi chakudya. Nkhadze imatchinga, koma utomoni wake ukalowa m'maso mwa thole kapena mwana mudzanong'oneza bondo.

Ndalama zikapezeka, waya wamagetsi woyendera sola amapeputsa ntchito: kamakina kotumiza moto, batire, sola yaing'ono, waya wopepuka wokulunga pachibiringwi, ndi timitengo tozika. Mzere umodzi wofika m'chiuno mwa munthu umakwanira ng'ombe zimene zaphunzira. Ziphunzitsireni m'khola kaye masiku awiri, iliyonse inunkhize wayayo ilawe yokha. Zinthu ziwiri zimene wogulitsa sadzakuuzani. Choyamba, moto umabwerera kudzera m'dothi, ndiye m'chilimwe dothi likauma gwaa, waya amafooka. Khomani chitsulo cholumikiza kamakinako ndi dothi mozama pamalo achinyezi, ndipo muzithirapo ndowa ya madzi. Udzu wokhudza waya nawo umaba moto. Chachiwiri, batire ndi sola zisagone kutchire. Zanga zoyamba zinagona usiku umodzi wokha.

5. Kulowa ndi kutuluka

Kalendala imathandiza, koma woweruza ndi udzu. Lowetsani ng'ombe pamene udzu wamapata wafika cha m'mawondo, usanatulutse ngayaye zambiri. Tulutsani pamene watsala wobisa nsapato ndi kakolo, masentimita 15 kapena kuposerapo. Kapinga ndi woyanga, amapirira kumetedwa pafupi, koma nayenso dothi lisaonekere. Tsekera ndi wina: akadali wamng'ono ng'ombe zimamudya bwino, akakula amasanduka wofolerera nyumba. Pamene pali tsekera wambiri fikanipo msanga m'dzinja, ndipo gwirizanani ndi amayi ndime zimene zisiyidwe kuti adzamwete wa denga.

M'dzinja musapitirire masiku atatu pandime imodzi, pachifukwa chija cha timasamba tatsopano. Palinso phindu lina. Mazira a njoka za m'mimba amene amatuluka ndi ndowe amafuna masiku angapo m'nyengo yofunda ndi yonyowa kuti asanduke timphutsi tokwera paudzu. Ng'ombe zikachoka msanga n'kubwerera patatha mwezi ndi theka, timphutsi tambiri timakhala titafa. Izi zimachepetsa njoka, sizithetsa. Nkhupakupa ndiye zimadikira nthawi yaitali kuposa pamenepo, choncho kupopera kapena dipi musasiye, ndipo za mankhwala muzimva kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu.

Lamulo limene anthu amalitembenuza ndi ili: udzu ukamakula msanga, yendani msanga, ukamakula pang'onopang'ono, inunso chepetsani liwiro. Ng'amba ikagwa pakati pa dzinja, mtima umati thamangitsani ng'ombe ndime ndi ndime kufunafuna pobiriwira. Mukatero mubwerera pa ndime 1 patangotha masiku 20, udzu usanasunthe n'komwe, ndipo mwabwerera ku chiwonongeko chakale chija mutangovala malaya atsopano. Nthawi ya ng'amba masiku opuma akwere kufika 60, 90, ngakhale kuposa. Ngati ndime yotsatira sinachire, ng'ombe zikhale pamalo amodzi amene mwasankha kuti awonongeke, pafupi ndi khola, muzizipatsa zomweta. Kuli bwino kupha kotala la ekala kusiyana ndi kuvulaza maekala 8.

Ng'ombe nazo zimayankhula. Madzulo imani kumanzere kwa ng'ombe, muyang'ane pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Pakakhala dzenje lozama la makona atatu, sinakhute. Ndime yachepa kapena mwachedwa kusuntha. Yang'ananinso ndowe. Zoti phwaa ngati phala la mwana ndiye kuti msipu ndi wanthete kwambiri, onjezerani zouma. Zolimba, zosanjikizana mizeremizere, ndiye kuti udzu wakalamba, thupi likusowa zomanga. Apa ndi pofunika masamba a nandolo, a mtedza, a lukina, kapena madeya pang'ono ndi mchere. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, akachuluka amathothola ubweya ndi kudwalitsa.

6. Madzi

M'nyengo yotentha ng'ombe yachikuda imamwa malita 30 kapena kuposa patsiku, yamkaka yachizungu kuwirikiza. Ng'ombe 10 ndi malita 300, mgolo umodzi ndi theka. Ngati muli ndi ngolo, kuli bwino madzi apite kwa ng'ombe: mgolo wodula pakati umakhala chomwera chosunthika. Ngati zikupita kumtsinje, zikhale ndi njira imodzi yodziwika yosadutsa m'ndime zopuma, ndipo potsikira muyalepo miyala. Pamjigo kambiranani ndi komiti nthawi yomwetsa, chomwera chikhale patali ndi potungira. Milandu yambiri ya ng'ombe m'mudzi imayambira pamjigo.

7. Kumapeto kwa Epulo: tsiku la chiweruzo

Pano m'pamene pagona nkhani yonse kwa ife a kumalo ouma. Mvula ikasiya, udzu umene waima ndi womwewo mpaka Disembala. Chiperoni chimene chimanyowetsa ku Thyolo ndi ku Bvumbwe kuno chimafika ngati mphepo chabe. Kuyambira Meyi mpaka msipu weniweni utamera ndi masiku pafupifupi 200, ndipo chaka choipa amaposa. Makilogalamu 65 amene ng'ombe 10 zimadya patsiku kuchulukitsa ndi masiku 200: makilogalamu 13,000. Matani 13. Nambala imeneyi nditaiona koyamba m'kope langa ndinakhala pansi.

Ndiye kumapeto kwa Epulo tenganinso nsungwi zija. Yezani ndime zonse, mutenge theka. Onjezerani zimene muli nazo kwina: mapesi a chimanga, masamba a mtedza ndi a nandolo, udzu wofutsa, nsenjere ya kudimba, nyemba za mtengo wa nsangu zimene zimagwa m'chilimwe. Mapesi musawasiye onse m'munda kuti ng'ombe za mudzi wonse zipondeponde, komanso musakokolole onse. Munda nawo ukufuna chofunda. Amene mwatuta muwasanje pathandala, pamthunzi, kutali ndi chiswe. Udzu wofutsa umamwetedwa ukangoyamba kutulutsa ngayaye, cha mu Malichi, n'kuuyanika masiku awiri kapena atatu, uume koma ukhalebe wobiriwirako. Womweta mu Juni utayera kale ndi wongodzaza mimba.

Gawani zonsezo ndi chakudya cha tsiku limodzi. Mukapeza masiku 140 pamene mukufuna 200, chakudya chanu ndi cha ng'ombe 7, osati 10. Zitatu zigulitsidwe, ndipo zigulitsidwe tsopano, mu Meyi, zili zonenepa.

Ndikudziwa kuti apa m'pamene mtima umakana. Ng'ombe kwathu kuno ndi ulemu, ndi banki, ndi ya pamaliro ndi ya fizi. Amalume anga ankati mwamuna sagulitsa ng'ombe popanda vuto. Koma vuto likamadzafika mu Novembala aliyense amakhala akugulitsa kuti agule chimanga, ng'ombe zili mafupa okhaokha, ndipo wabutchala amatchula mtengo akuyang'ana kumbali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yambani ndi zimene sizikubwezerani kanthu: yaikazi imene yadumpha zaka ziwiri osabereka, ng'ombe yapangolo yotha mano, tinkhunzi towonjezera. Sungani zazikazi zabwino zobereka ndi zapangolo ziwiri zamphamvu. Musaiwale chikalata cha mlangizi wa ziweto posamutsa ng'ombe kupita kumsika. Ndalamayo ina igule madeya pamene akadali otchipa pambuyo pokolola, ina ikhale ku banki m'khonde kuti mudzagule thole zinthu zikadzabwerera.

Mvetseraninso ulosi wa nthambi yoona zanyengo, umene umatuluka dzinja lisanayambe. Kumapeto kwa 2023 ananeneratu za El Niño. Ine ndinagulitsa ziwiri msanga, anzanga akundiseka. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya chilala. Chaka chimenecho m'khola mwanga simunafe ng'ombe. Zinaonda, inde, nthiti zinkawerengeka, koma zonse zinkadzuka zokha m'mawa.

M'chilimwe udzu sukula, ndiye ndime zimasanduka ngati matumba a chimanga m'nyumba: mumatsegula limodzi, lithe, kenako lina. Mutha kukhalitsa sabata pandime imodzi, bola musamete mpaka dothi.

8. Mfumu, anansi ndi moto

Ambiri kuno sitili ndi maekala 8 athuathu. Busa ndi la mudzi, ndipo anthu akakolola ziweto zimatayiriridwa. Inu mungapumitse ndime masiku 45, koma ng'ombe za mnansi zikalowamo tsiku la 10 mwalimira mnzanu. Mutu umodzi susenza denga. Pitani kwa amfumu pamodzi ndi mlangizi, eni ng'ombe onse akhale pansi. Chimene chimagwira ntchito ndi kuphatikiza ng'ombe za mabanja angapo kukhala gulu limodzi, abusa n'kumasinthana, busa lonse n'kuligawa ndime. Gulu limodzi lalikulu limasiya malo ambiri akupuma kuposa timagulu tisanu tobalalika. Malamulo alembedwe: ndime yotsekedwa ndi iti, chindapusa ndi chotani, mbuzi ziyenda bwanji. Mulimonsemo padzakhala mmodzi wolowetsa ng'ombe zake mbandakucha. Mlandu wake woyamba ukaweruzidwa mwachibwana, dongosolo lonse latha.

Moto ndi mdani wamkulu wa zonse mwasungazi. Anyamata osaka mbewa atha kupsereza matani anu m'masana amodzi a mu Ogasiti. Lambulani njira ya mamita atatu kapena kuposa kuzungulira ndime zosungira mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse. Njira ina ndi kudyetsa ng'ombe mwadala m'mphepetemo mpaka udzu utafupika.

9. Khola ndi ndowe

Chifukwa cha akuba ng'ombe zathu zimagona kukhola, choncho ndowe zambiri zimaunjikana malo amodzi m'malo mogwera pabusa. Ku Dimbangombe, kufupi ndi Victoria Falls, kumene kuli malo ophunzitsira njira ya Savory, amasuntha khola m'minda kuti ng'ombe zithire manyowa zokha. Ine ndimachita zimenezi m'chilimwe pamunda wapafupi ndi nyumba, pamene agalu akumva: khola lamitengo yozika, sabata imodzi pamalo amodzi, kenako kulisuntha. Chimanga cha pamalo amenewo mumachizindikira muli kumsewu. Kumunda wakutali musayese. Manyowa a m'khola mungowatuta pangolo.

Anzathu a ng'ombe zamkaka za m'khola, a m'magulu a Shire Highlands Milk Producers Association cha ku Mpemba ndi ku Chiradzulu, lamulo ndi lomweli, kungoti pakamwa pa ng'ombe pasanduka chikwanje. Gawani nsenjere m'ndime, dulani ikafika cha m'chifuwa, siyani chiputu cha masentimita 10 mpaka 15, bwererani patatha masabata 6 mpaka 8, ndipo ndowe zibwerere kumene nsenjere yachokera.

10. Mvula yoyamba

Chizimalupsa chikagwa mu Okutobala kapena Novembala, patatha masiku ochepa dziko limati biriwiri. Ng'ombe zimanunkhiza, zimakana mapesi, zimalira usiku wonse. Musatsegule. Msipu umenewo ndi madzi okhaokha, ng'ombe zimatsegula nawo m'mimba n'kuondanso, ndipo udzuwo ukutulutsa timasambato ndi mphamvu yake yomaliza. Kuumeta tsopano ndi kuupha, makamaka mvula ikadukiza, monga imachitira kuno. Dikirani masabata atatu kapena anayi mvula yeniyeni itakhazikika. N'chifukwa chake m'masamu a mu Epulo aja muyenera kusiya chakudya cha mwezi umodzi chapadera, chosakhudza.

Samalaninso ndi ziputu za mapira zimene zaphukira pambuyo pa ng'amba. Timasamba take tatsopano timakhala ndi poizoni wopha ng'ombe m'maola ochepa.

Ndime yoyamba kudyedwa chaka chino isakhale yomwe munayambira chaka chatha. Kuti mukumbukire, gulani kope la sukulu. Tsamba lililonse ndime yake: tsiku lolowa, tsiku lotuluka, ng'ombe zingati, udzu unali pati polowa ndi potuluka. Kumapeto kwa kope muzilemba mvula. Chitini cha mbali zowongoka choikidwa pamtetete ndi rula ya mwana wasukulu zikukwanira. Pandime imene inaguga kwambiri khomani chikhomo chachitsulo, ndipo chaka chilichonse sabata yomaliza ya Epulo muimepo, muyang'ane mbali imodzimodziyo, mujambule ndi foni. Changa chili pa ndime 11, kuyang'ana kumlambe. Pachithunzi cha 2017 pali dothi lofiira ndi miyala. Pa cha chaka chatha chikhomocho ndinachita kuchifufuza ndi phazi.